Masamu Olondera Mbava: Momwe Amagwirira Ntchito ndi Pomwe Amaphonyera

M'chaka cha 1972 apolisi a mumzinda wa Kansas City ku America anayesa chinthu chimene akuluakulu a polisi ambiri sangachiyerekeze n'komwe. Anatenga madera 15 olondera n'kuwagawa patatu, gulu lililonse madera asanu. M'gulu loyamba anachotsamo galimoto zolondera, moti wapolisi ankalowamo pokhapokha munthu akaitana. M'gulu lachiwiri anasiya zinthu momwe zinalili. M'gulu lachitatu anachulukitsa galimotozo kawiri kapena katatu. Patatha chaka, atawerenga milandu ndi kufunsa anthu okhala m'maderawo, sanapeze kusiyana kooneka. Ngakhale mantha a anthu sanasinthe.

Ambiri anangoti basi kulondera n'kuwotcha mafuta chabe. Koma vuto linali pena. Apolisiwo anawamwaza dera lonse, ngati munthu wothira supuni imodzi ya shuga mumgolo wa madzi n'kumadabwa kuti sakutsekemera. Umbanda sufalikira mofanana m'dera. Umaunjikana pamalo ochepa kwambiri, ndipo amene anaonetsa zimenezi ndi manambala anali Lawrence Sherman ndi anzake mu 1989. Anatenga mafoni oposa 320,000 amene anthu a ku Minneapolis anaimbira apolisi m'chaka chimodzi, n'kuwaika pa maadiresi ndi mphambano pafupifupi 115,000 za mumzindamo. Theka la mafoni onsewo linachokera pamalo atatu okha mwa malo 100 alionse. David Weisburd ndi anzake atafufuza mzinda wa Seattle kuyambira 1989 mpaka 2002, anapeza kuti theka la milandu linkachitika pa tizigawo ta misewu tinayi kapena tisanu mwa 100 tilitonse, chaka ndi chaka.

Tanthauzo lake n'lakuti mawu oti "dera lakuti ndi loopsa" nthawi zambiri amanamizira dera. Mkati mwa dera lotchuka ndi umbava, misewu yambiri imakhala bata. Choopsa ndi mphambano imodzi, kanjira ka kuseri kwa msika, kapena siteji imene anthu amatsikira basi usiku.

Ntchito yopeza malo amenewa imayamba ndi kulemba, osati ndi kompyuta. Dandaulo lililonse liyenera kukhala ndi zinthu zitatu: mtundu wa mlandu, malo ake enieni, ndi nthawi. Zikumveka zophweka, koma apa ndi pamene kafukufuku wambiri amafera.

Tiyambe ndi malo. Ngati wolemba m'buku la kupolisi wangolemba dzina la dera, mlandu umenewo sungaikidwe pamapu. Choipitsitsa, makompyuta ena akasowa adiresi amauika mlanduwo pakatikati pa dera kapena pa polisi penipeni, ndipo pamapu polisiyo imaoneka ngati phanga la mbava. Jerry Ratcliffe, katswiri wa mapu a umbanda, anawerengera mu 2004 kuti milandu yosachepera 85 mwa 100 iliyonse iyenera kuikidwa pamalo ake olondola kuti mapu akhale odalirika. M'matauni athu, kumene munthu amalongosola kwawo ponena kuti "mukadutsa chigayo mukhotere kumanja, nyumba yachitatu", chiwerengero chimenechi sichingafikike ndi maadiresi. Njira yake ndi yakuti wapolisi wofika pamalo ajambule manambala a GPS pafoni, ndipo manambalawo alembedwe pamodzi ndi dandaulolo.

Nthawi nayo ili ndi msampha wake. Munthu wachoka panyumba 8 koloko m'mawa, wabwerako 6 koloko madzulo, wapeza chitseko chothyoledwa. Akuba anabwera nthawi yanji? Palibe akudziwa. Mukalemba nthawi imene mwininyumba wazindikira, mapu anu adzakuuzani kuti mbava zimakonda 6 koloko madzulo, ndipo mudzatumiza apolisi nthawi imene eni nyumba abwerera kale. Akatswiri amagawa mlandu umodziwo m'maola onse amene ukanatha kuchitika. Pano maola ndi khumi, choncho ola lililonse limalandira 0.1. Mlandu wina wodziwika nthawi yake bwinobwino umapereka 1 yense ku ola lake. Mukaphatikiza milandu mazana angapo mwanjira imeneyi, maola enieni a akuba amayamba kuonekera okha.

Zimenezi zikakonzeka, mzinda umadulidwa m'timabokosi pamapu, tinene ta mamita 150 mbali zonse, kapena m'tizigawo ta msewu kuchokera pa mphambano ina kufika pa ina. Mumawerenga milandu ya m'kabokosi kalikonse ya chaka chathunthu kapena kupitirira, n'kundandalika kuyambira kochuluka. Kenako mapuwo ayesedwe, pakuti mapu okongola si umboni. Kuyesa kwake n'kotere: sankhani malo pogwiritsa ntchito milandu ya chaka chatha, kenako onani milandu ya miyezi yotsatira, imene simunaigwiritse ntchito posankha. Ngati malo anu ndi magawo 5 pa 100 a mzinda koma agwira milandu 40 pa 100 ya miyezi yatsopanoyo, gawani 40 ndi 5, mupeza 8. Ndiye kuti mapu anu akuposa kasanu ndi katatu munthu wongoloza mwachisawawa. Njira iliyonse yatsopano, kaya ndi yodula chotani, iyenera kuposa nambala imene kuwerenga wamba kwapereka. Ikalephera, ndalama zake n'zongotaya.

Pali chinthu china chimene manambala anaulula, chokhudza nthawi ndi malo pamodzi. Nyumba ikathyoledwa lero, nyumba yomweyo ndi zoyandikana nazo zimakhala pachiopsezo chachikulu kwa masabata angapo. Shane Johnson ndi Kate Bowers anapeza zimenezi ku Merseyside ku England: chiopsezo chinkakwera pa nyumba za mkati mwa mamita pafupifupi 400, kwa mwezi umodzi kapena iwiri, kenako n'kuzilala. Chifukwa chake n'chomveka. Wakubayo wadziwa kale njira yolowera ndi yothawira, wadziwa nthawi imene anthu amachoka, ndipo nyumba zoyandikana kawirikawiri zimamangidwa mofanana, maloko ndi mawindo omwewo.

Kuti mudziwe ngati zimenezi zikuchitikadi kwanuko, mumagwiritsa ntchito njira imene George Knox anaipanga m'ma 1960 pofufuza ngati khansa ya m'magazi ya ana imagwa mounjikana. Tinene muli ndi milandu 200 yothyola nyumba. Mukaiphatikiza iwiriiwiri, mlandu uliwonse ndi unzake, mupeza mapeya 19,900. Werengani mapeya amene ayandikana ponse pawiri, mwachitsanzo mkati mwa mamita 200 komanso masiku 14. Kenako sokonezani masiku: malo akhale omwewo, koma mlandu uliwonse upatsidwe tsiku la mlandu wina mwa maere, n'kuwerenganso. Kompyuta ibwereze zimenezi ka 999. Ngati chiwerengero chenicheni chaposa pafupifupi zonse zosokonezedwazo, kuyandikanako si mwangozi. Phindu lake ndi losafuna ndalama zambiri: nyumba ikathyoledwa, anansi achenjezedwe mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri, loko wothyokayo akonzedwe msanga, ndipo olondera a m'dera adutse kumeneko masabata oyambirira, osati mwezi utatha.

Akatswiri a masamu ataona khalidwe limeneli anakumbukira zivomezi. Chivomezi chachikulu chimatsatiridwa ndi ting'onoting'ono pafupi pomwepo, timene timachepa masiku akamapita, ndipo Yosihiko Ogata wa ku Japan anali atalemba kale masamu ake mu 1988. George Mohler ndi anzake anawatenga masamuwo mu 2011 n'kuwayesa pa milandu yothyola nyumba ku Los Angeles. Chiopsezo cha kabokosi kalikonse chimapangidwa ndi zinthu ziwiri zophatikizidwa. Choyamba ndi chiopsezo chokhazikika cha malowo, chobwera ndi zinthu zosasuntha monga bala, depoti kapena njira yachidule. Chachiwiri ndi chowonjezera chimene mlandu uliwonse waposachedwa umasiya, chimene chimatha pang'onopang'ono, tinene kutsika ndi theka sabata iliyonse. M'mawa uliwonse kompyuta imawerengera mwatsopano n'kupereka timabokosi tapamwamba. Pa masamu amenewa ndi pamene panamangidwa PredPol, pulogalamu imene inayesedwa koyamba ku Santa Cruz mu 2011 n'kugulidwa ndi apolisi a m'mizinda yambiri.

Mapeto ake sanali okoma. Mu 2020 apolisi a ku Los Angeles anasiya kuigwiritsa ntchito, ndipo chaka chomwecho khonsolo ya Santa Cruz inaletsa njira zolosera umbanda zoterezi. Atolankhani a The Markup atafufuza mu 2023 maulosi oposa 23,000 amene pulogalamuyi inapereka ku Plainfield ku New Jersey, anapeza kuti olondola sanafike ngakhale theka la ulosi umodzi pa 100 alionse. Chimodzi mwa zifukwa ndi masamu enieniwo: m'tauni yaing'ono, mwayi woti mlandu wa mtundu winawake ugwe m'kabokosi kena pa maola ochepa ndi wochepetsetsa, ngakhale kabokosiko katakhala koopsa kuposa tonse.

Vuto lalikulu kuposa pamenepa ndi lakuti buku la kupolisi silisonyeza umbanda wonse. Limasonyeza umbanda umene wafika kupolisi. Milandu ina, monga kupezeka ndi chamba, imalembedwa chifukwa chakuti wapolisi analipo n'kusecha munthu. Kristian Lum ndi William Isaac anaonetsa mu 2016 zimene zimachitika mukaipatsa kompyuta milandu yotere. Anagwiritsa ntchito milandu ya mankhwala osokoneza bongo ya ku Oakland. Kompyuta inkatumiza apolisi kumadera a anthu osauka ndi akuda kumene ankagwirako kale anthu, pamene kafukufuku wa zaumoyo ankasonyeza kuti ogwiritsa ntchito mankhwalawo ali ponseponse mumzinda. Apolisi akapita, agwira ena. Ogwidwawo alowa m'kompyuta. Kompyuta iwatumizanso komweko. Galu akudzithamangitsa mchira. N'chifukwa chake mapu olondera ayenera kumangidwa pa madandaulo a anthu obedwa kapena ovulazidwa, osati pa chiwerengero cha ogwidwa.

Komabe madandaulo nawo ali ndi mabowo. Wobedwa galimoto amapita kupolisi chifukwa a inshuwalansi amafuna lipoti. Wobedwa nkhuku amangodandaula kwa anansi kapena kwa amfumu. Pofuna kuyeza zobisikazi, mayiko amafunsa anthu khomo ndi khomo ngati anachitiridwapo chipongwe m'miyezi 12 yapitayo, komanso ngati anakanena. America inayamba kafukufuku wotere mu 1973, Britain mu 1982. Ku Malawi anachitika mu 2003, ndipo mlandu umene unakhudza mabanja ambiri unali kuba mbewu kumunda. Mapu omangidwa pa buku la kupolisi lokha sangazione bwino zimenezo.

Tsopano tinene kuti malo mwawapeza ndipo apolisi mwawatumiza. Mudziwa bwanji kuti zathandiza? Apa manambala ang'onoang'ono amapusitsa ngakhale ophunzira. Milandu imakwera ndi kutsika yokha popanda chochititsa, ndipo kukula kwa kusinthasinthako kumayerekezedwa ndi sikweya ruti ya chiwerengero cha nthawi zonse, ndiye kuti nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imakupatsani chiwerengerocho. Dera limene limakhala ndi milandu 25 pamwezi, sikweya ruti yake ndi 5. Kuwirikiza kawiri ndi 10, ndipo mwezi wamba milandu imatha kutsika kapena kukwera ndi 10 ameneyu kuchokera pa 25. Choncho mwezi wa milandu 17 kapena 33 si nkhani, uli mkati mwa 15 ndi 35. Koma mudzamva wina akulengeza kuti umbanda watsika ndi 32 peresenti chifukwa wachoka pa 25 kufika pa 17.

Msampha winawo ndi m'bale wake. Mukasankha malo khumi amene anaipa kwambiri mwezi watha, ena mwa iwo anangogwa m'tsoka mwezi umenewo, ndipo mwezi uno atsika okha ngakhale mutapanda kuchitapo kanthu. Aliyense amene angaikepo chinthu, kaya nyali, kaya wapolisi, adzaoneka katswiri.

Mankhwala ake ndi maere. Sherman ndi Weisburd anachita zimenezi ku Minneapolis kuyambira kumapeto kwa 1988: anasankha malo oopsa 110, n'kugawa mwa maere, 55 alandire kulondera kowonjezera, 55 akhale momwe analili. Popeza magulu onse awiri anasankhidwa mofanana, kutsika kongochitika kokha kumagwera onse, ndipo chotsalacho ndi ntchito ya apolisi. Mafoni onena za milandu anatsika ndi pakati pa 6 ndi 13 peresenti poyerekeza ndi malo enawo. Si chozizwitsa ayi, koma ndi chenicheni, ndipo katswiri wolonjeza kutsitsa umbanda ndi theka pongolondera ayenera kufunsidwa kuti gulu lake loyerekezera lili kuti. Christopher Koper atasanthula zolemba za kafukufuku yemweyu mu 1995, anapeza kuti wapolisi akaima pamalo mphindi pafupifupi 15, bata limakhalitsa iye atachoka. Kungodutsa pagalimoto sikusiya kanthu kwenikweni, ndipo kukhalitsa kupitirira pamenepo sikuwonjezera phindu. Choncho ndi bwino kufika kangapo patsiku, nthawi zosadziwika, kusiyana ndi kuimika galimoto pamalo amodzi theka la tsiku.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti kodi mbavazo sizingosamukira msewu wotsatira? Limayezedwa nalonso. Mumazunguliza malo aliwonse ndi lamba wa misewu iwiri, n'kuwerenga milandu ya m'lambamo kale ndi pambuyo pake, m'magulu onse awiri. Weisburd ndi anzake atachita zotere ku Jersey City, anapeza kuti kawirikawiri misewu yoyandikana nayo inapepukidwa m'malo molemedwa. Wakuba samadziwa pamene apolisi alekezera, komanso chimene chinamukokera pamalopo, kaya ndi khamu lotsika basi kapena kanjira kothawira, sichipezeka pa mphambano iliyonse. Lambayo ajambulidwe ntchito isanayambe, ndipo malamba a malo awiri asakhudzane, chifukwa akakhudzana simudzadziwa kuti mlandu wa pakatipo ndi wa gulu liti.