Kupanga Ford GT40 m'galaja: ntchito yaikulu ili pansi pa bodi

Ferrari itapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, ku France, zaka zonse kuyambira 1960 mpaka 1965, galimoto imene inaichotsa pampando ndi Ford GT40. Inapambana mu 1966, pamene madalaivala Bruce McLaren ndi Chris Amon anatsogolera ma Ford atatu amene anatenga malo atatu oyamba, ndipo inapambananso mu 1967, 1968 ndi 1969. Zenizeni zinapangidwa pafupifupi 100 zokha, ndipo mu 2012 imodzi inagulidwa pa madola 11 miliyoni. Choncho munthu wamba woifuna amachita kudzipangira yofanana nayo.

Ambiri amayambira kuganiza za bodi, poti ndiyo imakopa maso. Ine ndimati bodi ibwere pambuyo. Chimene chimaweruza ngati mwapanga galimoto kapena chidole ndi chasisi, chimango chimene injini, mawilo ndi bodi zimamangidwapo.

GT40 yeniyeni inali ndi chasisi ya zitsulo zamapepala, zopindidwa ndi kuwotcherera mpaka kukhala bokosi limodzi lolimba. Kutengera zimenezo kumafuna makina opindira amene m'galaja ya pakhomo mulibe, ndiye ambiri amaluka chasisi ya mapaipi achitsulo n'kuikuta ndi aluminiyamu. Musanadule paipi ngakhale imodzi, pangani tebulo lachitsulo losalala, lokhazikika bwino, lokhala ndi zomangirira paipi iliyonse pamalo pake. Chitsulo chikawotchereredwa chimafutukuka, ndipo pozizira chimakokera mbali imene mwawotcha. Mukamaliza mbali imodzi yonse kenako n'kupita kwinako, chasisi imapotoka inu osaona. Mmisiri wodziwa amangodontheza timadontho togwirizira, kuyeza, kuwotcherera pang'ono kumanzere, pang'ono kumanja, kudikira kuti zizizire, n'kuyezanso. Tepi imayenda mopingasa, kuchoka pangodya ina kupita pa ina, monga amachitira omanga nyumba poyika maziko, ndipo miyezo iwiriyo iyenera kufanana.

Pamene pamafunika kuuma mtima ndi pomangirira mikono ya mawilo. Bowo limodzi likasuntha ndi mamilimita ochepa, wilo limayima mopendekera, tayala limadyeka mbali imodzi, ndipo mukaponda mabuleki galimoto imakokera kumbali. M'tauni mukhoza kupirira nazo. Koma GT40 inkapitirira makilomita 300 pa ola pa msewu wowongoka wa Mulsanne ku Le Mans, ndipo pa liwiro ngakhale latheka la limenelo, cholakwika chaching'ono chotere chimapha.

Injini sivuta kwambiri. Ya ma GT40 enieni ambiri inali V8 ya Ford ya malita 4.7, ndipo abale ake a malita 5 akupezekabe pamodzi ndi masipeyala ake. Chovuta ndi giyabokosi. Injini ya GT40 imakhala kumbuyo kwa dalaivala, kutsogolo kwa mawilo akumbuyo, choncho imafuna giyabokosi yophatikana ndi difu (magiya ogawira mphamvu ku mawilo awiri akumbuyo) m'chibokosi chimodzi. Ya ma GT40 enieni ambiri inali ya magiya asanu, ya kampani ya ZF ya ku Germany, ndipo mtengo wake lero ndi woboola m'thumba. Ambiri amagwiritsa ntchito ya Renault, Audi kapena Porsche. Ya Porsche 911 ili ndi msampha wake: m'galimoto yakeyo injini imakhala kumbuyo kwa mawilo, ndiye mukangoitembenuza n'kuimanga pa GT40, mupeza kuti magiya onse akukubwezani m'mbuyo, rivesi yokha ndiyo ikupita kutsogolo. Amachita kuimanga chadodolido kapena kusinthira mbali ina giya yaikulu ya mu difu.

Palinso nkhani ya madzi. Rediyeta ili kutsogolo kwenikweni, injini kumbuyo, ndipo mapaipi amadutsa kutalika konse kwa galimoto. Mpweya ukatsakamira pamalo okwera m'mapaipimo, madzi sazungulira ndipo injini imawira. Ikani potulutsira mpweya pamalo onse okwera. Matanki a petulo ali m'mbali zonse ziwiri, pansi pa zitseko, moyandikana ndi ntchafu za anthu okhala m'kati. Apa si poyesera luso la kuwotcherera ngati mukuphunzira kumene.

Tsopano bodi. Mumayamba mwapanga chifanizo cha matabwa, kuchimata, kuchipala ndi sandipepa mpaka dzanja lisamve bampu paliponse. Pamwamba pake mumaumba chikombole cha fibreglass, ndipo m'chikombolemo ndi mmene mumatuluka bodi. Kachilema kalikonse ka pa chifanizo kadzaonekera pa penti, choncho miyezi yambiri imathera pa sandipepa. Galimotoyi ndi yaifupi zedi, mainchi 40 kuchoka pansi, kungopitirira mita imodzi pang'ono, ndipo zitseko zake zimatenga mbali ina ya denga kuti munthu athe kulowa. Dalaivala wa Ford, Dan Gurney, poti anali wamtali, anachita kumutukumulira denga pamwamba pa mutu kuti chipewa chake chodzitetezera chikwane. Khalani pampando mutavala chipewa chanu musanaumbe zitseko.

Amene safuna kuyambira pa paipi yoyamba amagula zopangiratu. Ku South Africa, Hi-Tech Automotive ya ku Gqeberha imapanga ma GT40 a Superformance okhala ndi chasisi yonga yoyambirira ija, ndipo CAV ya ku Cape Town nayo inatchuka ndi ntchito yomweyi. Ku Britain galimoto yodzipangira siilowa pamsewu isanapambane mayeso a IVA, amene amayang'ana mabuleki, magetsi, malamba ndi zosongoka zimene zingavulaze munthu. Kulikonse kumene muli, sungani malisiti a injini ndi giyabokosi komanso zithunzi za ntchito yonse, chifukwa polembetsa adzafuna umboni wa kumene zinachokera. Ndipo nambala ya chasisi ikhale yanuyanu: kudinda nambala ya GT40 yeniyeni pa yopanga nokha ndi chinyengo.