Duwa lobiriwira la BP ndi luso la makampani lodzifotokoza okha

Amene munayamba kale kuyendetsa galimoto mukukumbukira kuti malo ambiri omwetsera mafuta amene lero alembedwa Puma kale anali a BP. BP inagwirizana ndi Puma Energy mu 2010 zogulitsa malonda ake a ku Malawi, Zambia, Tanzania, Botswana ndi Namibia. Chizindikiro cha BP masiku ano ndi duwa lobiriwira, la chikasu pakati, longa mpendadzuwa. Duwalo si lakale. Linabwera mu 2000, ndipo lisanabwere panali chishango.

Ntchito yanga ndi yothandiza makampani kulankhula ndi anthu: kulemba zimene bwana akanene pamwambo, kukonza malipoti, kuyankha atolankhani zinthu zikavuta. Choncho ndikamaona duwa limeneli ndimaona ntchito ya anzanga, ndipo inagwiridwa mwaluso. Funso limene anthu amakonda kundifunsa ndi lakuti, kodi si bodza lokhalokha zimene mumalembazo? Ayi ndithu. Bodza lenileni ndi loopsa kwa kampani yaikulu, chifukwa maloya ndi atolankhani sachedwa kulitulukira. Chimene timachita ndi kusankha. Pa zoona zambirimbiri timatolapo zingapo, n'kuziika m'ndondomeko yoti womvera aone chiyambi, aone ngwazi, aonenso kumene ulendo ukulowera.

BP inabadwa mu 1909, dzina lake likali Anglo-Persian Oil Company, mafuta atapezeka ku Persia, dziko limene lero timati Iran. Mu 1914 boma la Britain linagula masheya oposa theka, chifukwa sitima zake zankhondo zinkafuna mafuta. Mu 1951 boma la Mohammad Mossadegh linalanda migodi ya mafutayo n'kuiika m'manja mwa dziko la Iran, ndipo mu 1953 Mossadegh anachotsedwa pampando, akazitape a America ndi Britain ataikapo dzanja. Chaka chotsatira kampani ija inatenga dzina lakuti British Petroleum. Mbiri yotere ndi katundu wolemera kwa kampani yofuna kukumba mafuta m'mayiko a eni ake. Itaphatikizana ndi Amoco ya ku America mu 1998, dzina linayamba kufupika mpaka kungotsala zilembo ziwiri. Zilembo zopanda kanthu mukhoza kuthiramo tanthauzo lililonse, ndipo mu 2000, mothandizidwa ndi kampani yotsatsa malonda ya Ogilvy & Mather, anathiramo mawu akuti Beyond Petroleum, kutanthauza kuti maso awo aona kale kutsidya kwa mafuta.

Panali zoona zoti atsamirepo. Mu 1997 mkulu wa kampaniyo, John Browne, ananena poyera pa yunivesite ya Stanford kuti nkhani ya kusintha kwa nyengo si yoinyalanyaza, pa nthawi imene anzake ambiri a zamafuta ankakana kwa mtu wa galu. BP inalinso ndi nthambi yopanga mapanelo a sola, ndipo mu 1999 inalipira madola 45 miliyoni kuti kampani ya sola ya Solarex ikhale yake yonse. Koma chaka chomwecho inagwirizana zogula kampani ya mafuta ya ARCO pa madola pafupifupi 27 biliyoni. Werengerani nokha: pa dola imodzi yopita ku dzuwa, madola pafupifupi 600 anapita ku mafuta. Zonse ziwiri zinalengezedwa, palibe chimene anabisa. Kungoti chimodzi chinapita pa zikwangwani za mumsewu, chinacho chinatsala m'mabuku a eni masheya.

Ndiye mukafuna kudziwa kampani, muzifuna mabuku awiri. Pali lipoti la zithunzi zokongola lonena za chilengedwe ndi chitukuko, ndiye pali lipoti la pachaka lopita kwa eni masheya, limene malamulo amakakamiza kampani kunena kumene ndalama zapita ndi zoopsa zimene ikuziona kutsogolo. Lachiwirili n'lotopetsa kuwerenga, koma ndi limene mabwana eniake amawerenga.

Nanga nkhani yonseyi amauza ndani? Woyendetsa minibasi samwetsa mafuta chifukwa cha duwa. Amapita pamene pali mafuta ndipo mzere ndi waufupi. Omvera enieni ndi ena: nduna imene isayine chilolezo chokumba, aphungu amene akukonza lamulo latsopano, mabungwe osunga ndalama za penshoni amene amagula masheya, ndi mnyamata kapena mtsikana wanzeru amene wangomaliza maphunziro a uinjiniya ndipo safuna kuchita manyazi akamauza anzake kumene akugwira ntchito. Ogwira ntchito a m'kati momwemo ndiwo amaimva kwambiri nkhaniyi, ndipo ambiri amaikhulupirira ndi mtima wonse. Zimenezi musazipeputse. Munthu amene akukhulupirira zimene akunena amakopa kuposa amene wangolembedwa ganyu.

Luso lalikulu la BP linaoneka cha m'ma 2004 ndi 2005, pamene inayamba kufalitsa mawu akuti carbon footprint, ndiye kuti kuchuluka kwa mpweya wotenthetsa dziko umene munthu mmodzi amachititsa pa moyo wake wa tsiku ndi tsiku. Mawuwa sanayambitse ndi iwo, koma ndi iwo anawafikitsa m'makutu mwa anthu wamba. Anaika pa intaneti chowerengera choti aliyense alowetsemo maulendo ake ndi magetsi a kunyumba kwake, aone mlandu wake. Taonani chimene chachitika apa. Funso linali lakuti, kodi makampani okumba mafuta achitepo chiyani? Tsopano funso lasanduka lakuti, kodi inuyo mukuchitapo chiyani? Pabwalo la milandu, amene wakwanitsa kusintha funso wapambana kale theka la mlandu.

Ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika. Mu Malichi 2005 fakitale yoyenga mafuta ya BP ku Texas City inaphulika n'kupha anthu 15. Pa 20 Epulo 2010 chitsime cha pansi pa nyanja ku Gulf of Mexico chinaphulika, nsanja yokumbira ya Deepwater Horizon inapsa, anthu 11 anafa, ndipo mafuta anakhuthukira m'nyanja kwa masiku 87. Mkulu wa nthawiyo, Tony Hayward, anauza atolankhani kuti naye akufuna moyo wake ubwerere mwakale, mabanja 11 ali pa maliro. Chaka chisanathe anali atachoka pampando.

Koma chimene ine ndimaphunzitsa achinyamata a ntchito yathu si mawu amenewo. Ndi zimene Hayward ananena masiku oyambirira, zoti ngoziyo sinali yawo kwenikweni popeza nsanja inali ya kampani ina, ya Transocean. Zinali zoona kuti nsanja inali ya Transocean, ndipo simenti ya m'chitsime inathiridwa ndi kampani inanso, ya Halliburton. Apa ndiye pagona mtima wa nkhani za makampani a m'mayiko ambiri. Kampani yotere si thupi limodzi. Ndi mulu wa nthambi, makontirakitala ndi ogulitsa katundu, omwazikana m'mayiko osiyana malamulo. Nkhani ndi imene imanena pamene pathera malire a kampani, ndipo malirewo amatanuka ngati legeni. Pakakhala zoyamikira, kampani imakula mpaka kufika pa mjigo wa m'mudzi. Pakakhala mlandu, imafwanyala n'kungotsala ofesi ya ku London. Mu 2014 woweruza Carl Barbier wa ku New Orleans sanavomere malire amenewo: anagamula kuti magawo 67 pa 100 a mlanduwo ndi a BP, 30 a Transocean, 3 a Halliburton. Pambuyo pake BP inavomera kulipira boma la America ndi zigawo zisanu za m'mphepete mwa nyanjayo madola oposa 20 biliyoni.

Ife a kuno malire otanukawa timawadziwa kudzera mu fodya. Makampani a ndudu ndiwo akadaulo akale pa ntchito imeneyi. Mu Januwale 1954, madokotala atayamba kuonetsa kuti kusuta kumayambitsa khansa ya m'mapapo, makampani a ku America, mothandizidwa ndi kampani yogwira ntchito ngati yathuyi ya Hill & Knowlton, anatulutsa chikalata m'manyuzipepala oposa 400 cholonjeza kuti aika thanzi la anthu patsogolo ndipo alipirira kafukufuku. Sanafunikire kutsimikizira kuti ndudu n'zabwino. Zinangokwanira kuti anthu aziganiza kuti nkhaniyo ikadali yokayikitsa, ndipo chikayikocho chinawagulira zaka zambiri.

Chikayiko chitatha mphamvu, panafunika nkhope ina yoika kutsogolo, ndipo nkhope imeneyo inali ya mlimi. Bungwe la alimi a fodya padziko lonse, International Tobacco Growers' Association, linakhazikitsidwa mu 1984, Malawi ali m'gulu la oyambitsa, ndipo zikalata za m'kati mwa makampani zimene zinatuluka kudzera m'milandu ya ku America zinaonetsa kuti makampani a ndudu ankalithandiza ndi ndalama n'kumaliona ngati mlomo wawo. Bwana wa ku London akanena kuti malamulo oletsa kusuta ndi oipa, palibe angamumvere chisoni. Mlimi wa ku Kasungu kapena ku Dowa akanena kuti ana ake agona ndi njala, dziko limatchera khutu. Ndipo mlimiyo sakunama ayi. Fodya amabweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja za Malawi, ndipo amene anaonapo Kanengo msika utatsekulidwa amadziwa kuti mabanja ambiri amadalira mabelo amenewo. Mantha a mlimi ndi enieni. Kungoti wina anawabwereka.

Tsopano onani mlimi yemweyo nkhani ikatembenuka. Mu Novembala 2019 akuluakulu oona za katundu wolowa ku America analamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa padoko chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito. Mu 2020 matenanti zikwi zingapo a ku Malawi ndi ana awo, kudzera mwa maloya a Leigh Day, anasumira makampani a ndudu a British American Tobacco ndi Imperial Brands kukhoti la ku London. Makampaniwo amakana mlanduwo, ndipo anapempha khoti kuti liuthetse, ponena kuti odandaulawo sangathe kuonetsa kuti fodya wawo anakathera m'ndudu za makampaniwo, popeza pakati pali makampani ena ogula masamba. Mu 2021 khoti linakana pempholo. Kuti wolakwa ndani, zimenezo n'za oweruza. Ine changa n'chakuti muone kutanuka kwa malire: pokambirana za malamulo a zaumoyo mlimi ndi m'bale wa m'nyumba, pokambirana za ana a m'zigafa mlimi yemweyo ndi munthu wakutali amene sitikumudziwa bwinobwino.

Inenso ndalembapo mawu oti bwana akawerenge popereka mdadada wa sukulu, ndipo sindichita nawo manyazi, chifukwa anawo anachokadi pansi pa mtengo. Koma ndinali nawo pamsonkhano wokonzekera mwambowo, ndipo ndikudziwa kuti tsiku lake silinasankhidwe poyang'ana kalendala ya sukulu. Linasankhidwa poyang'ana sabata imene kampaniyo inali ndi nkhani yake ku boma.

Chodabwitsa n'chakuti nkhani yotere ikang'ambika satayiratu, amaisunga, n'kudzaisokanso. BP inatseka nthambi yake ya sola mu 2011. Mu 2020 mkulu watsopano, Bernard Looney, analonjeza kuti pofika 2030 kampaniyo idzakhala itachepetsa mafuta ndi gasi amene imakumba ndi magawo 40 pa 100. Mitengo ya mafuta itakwera chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, phindu n'kusefukira, mu 2023 nambalayo inatsitsidwa kufika pa 25. Mu Febuluwale 2025, eni masheya akudandaula kuti Shell ndi ExxonMobil zikuwapindulira kuposa BP, amene analowa m'malo mwa Looney, Murray Auchincloss, analengeza kuti kampaniyo iziika madola pafupifupi 10 biliyoni pachaka m'mafuta ndi gasi, ndipo idula kwambiri ndalama zopita ku mphamvu zatsopano. Ananena kuti kampaniyo inathamanga kwambiri n'kupitirira muyezo. Duwa lija sanalikhudze.