Buku la zithunzi si choseweretsa chabe

Makolo ambiri kuno ku Mangochi amati buku lodzaza zithunzi ndi lamasewera, mwana wa sukulu azigwira la malemba okhaokha. Ayi ndithu. Mwana asanadziwe zilembo amayamba wawerenga chithunzi: amaloza bwato, n'kutchula chambo, kenako n'kufunsa chifukwa chake asodzi a usipa amayatsa nyali panyanja usiku. Mawu amachulukira pamenepo. Akamajambula ngalawa pakhoma ndi khala, agogo akalipe bwanji, zala zija zikuzolowera kugwira pensulo.

Komanso kujambula sikunabwere ndi azungu. Pamiyala ya ku Chongoni, ku Dedza, pali zojambula zakalekale za Akafula ndi Achewa, zomwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006.