Kumira m'madzi: uthenga kwa okhala m'mbali mwa mitsinje

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa chifukwa chomira m'madzi. Pa anthu anayi alionse omwe anafawo, mmodzi anali mwana wosakwana zaka zisanu. Chiwerengerochi sichikuphatikiza ophedwa ndi madzi osefukira kapena ngozi za maboti, choncho vutoli ndi lalikulu kuposa pamenepa. N'chifukwa chake mu 2021 bungwe la United Nations linapatula 25 Julaye kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa imfa zotere.

Komatu munthu akamira, ambiri timangoti linali tsoka, maliro akatha nkhani yathera pomwepo. Maganizo amenewa akutitayitsa ana. Kumira kumapeweka monga momwe timapewera kolera kapena malungo.

Mwana samira kutali

Munthu akamamira sakuwa. Pakamwa pake pamangomira ndi kuvuuka, mpata woitana anthu palibe. Mwana wamng'ono amatha kufera m'madzi ofika m'kakolo, ngakhale mu ndowa momwe, chifukwa mutu wake ndi wolemera ndipo akagwa chafufumimba amalephera kudzuka. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi zinayi mpaka zisanu ndi imodzi umayamba kuwonongeka.

Ku Bangladesh, dziko la mitsinje yambiri, kumira ndiko kumapha ana a chaka chimodzi mpaka zinayi kuposa matenda ena alionse. Ofufuza anapeza kuti ambiri amamira pafupi ndi nyumba, kuyambira m'mawa mpaka masana, makolo atatanganidwa ndi ntchito. Midzi ina inakhazikitsa malo osungirako ana pa maola amenewa, amayi ophunzitsidwa n'kumawayang'anira, ndipo imfa zinatsika kwambiri. Njirayi siifuna ndalama zambiri, imangofuna kugwirizana. Pakhomo, vundikirani zitsime, tchingani maiwe ndi mpanda, ndipo khuthulani madzi m'mabeseni mukatha kuchapa. Musasiyire mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri udindo wolera khanda kumtsinje, nayenso ndi mwana. Ana a msinkhu wa sukulu aphunzitsidwe kusambira pamalo osaya, pali wamkulu wodziwa.

Akuluakulu nawonso

Amuna amamira kuwirikiza kawiri kuposa akazi. Kudzidalira, mowa, kuwedza usiku ndi kudzaza bwato mopyola muyeso ndizo zimawapha. Mtsinje ukadzaza, dikirani uphwe. Madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamphamvu, ndipo mvula yogwa kumapiri imadzaza mtsinje ngakhale pamene muli pali dzuwa. Pokwera bwato valani jekete yothandiza kuyandama. Wodwala khunyu asapite yekha kukasamba, kukachapa kapena kukatunga.

Mukaona wina akumira

Kuwani kuti anthu abwere, koma musadumphiremo ngati simunaphunzire kupulumutsa anthu m'madzi. Womira amagwira mwamantha ndipo akhoza kukumizani nonse awiri. Gonani pansi m'mphepete, mumupatse mtengo wautali kapena nsalu, apo ayi muponyereni chingwe kapena chigubu chopanda kanthu chotseka bwino.

Akavuulidwa, onani ngati akupuma. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, pendeketsani mutu chakumbuyo, tsinani mphuno ndi kumuuzira mpweya m'kamwa kasanu. Kenako dinikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira ka 30, muuzireninso kawiri, n'kumabwereza mpaka atayamba kupuma kapena azaumoyo atafika. Musamuzondotse kapena kumufinya pamimba pofuna kutulutsa madzi. Zimenezi zimangotaya nthawi, ndipo masanzi akhoza kulowa m'mapapo. Ngati akupuma, mugonekeni chammbali, muvuleni zovala zonyowa ndi kumufunditsa.

Ngakhale atatsitsimuka n'kumayankhula bwinobwino, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Madzi olowa m'mapapo amatha kuyambitsa kubanika patapita maola angapo, makamaka ngati akutsokomola, akupuma mofulumira kapena akuoneka wofooka.