Nambala ya 175 ndi mkangano wa owombera chandamale ndi olemba za kudzaza zipolopolo

Pa mpikisano waukulu uliwonse wa masewera owombera chandamale ndi mfuti zam'manja, aja a bungwe la IPSC, pamakhala tebulo lina loikidwa pambali lomwe opikisana amapitapo mtima uli m'mwamba. Pamenepo palibe kuthamanga kapena kulimbana ndi nthawi. Woyang'anira amatenga zipolopolo zisanu ndi zitatu za wopikisana, n'kuzula mutu wa chimodzi kuti auyeze pa sikelo, zina zitatu n'kuziwombera kudutsa pa makina oyeza liwiro otchedwa chronograph. Akatero amachulukitsa kulemera kwa mutuwo, m'magireni (muyeso waung'ono kwambiri wa kulemera), ndi liwiro lake, m'mafiti pa sekondi, n'kugawa ndi 1,000. Nambala yotuluka apo amaitcha power factor, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri inali gwero la kusamvana pakati pa makalabu a masewerawa ndi anthu olemba magazini ndi mabuku a kadzazidwe ka zipolopolo ku America.

Kudzaza zipolopolo kunyumba si chinthu chachilendo kumeneko. Munthu akawombera amatola chigoba cha mkuwa chija, kuchiyeretsa, kuikamo kabatani katsopano koyatsira moto, kuthiramo onga woyezedwa bwino, n'kutsekera mutu watsopano. Amene anaonapo alenje akale akuthira onga m'mfuti ya gogodera akudziwa kuti ntchito yotere imadalira muyeso, koma kusiyana kwake n'kwakuti onga wa masiku ano sukhululuka: kapang'ono kopitirira n'kokwanira kung'amba chitsulo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ntchitoyi inafalikira kwambiri. Fred Huntington anali atayamba kale kampani ya RCBS, yopanga zipangizo zodzazira zipolopolo, ku Oroville, California, mu 1943, ndipo mu 1947 Bruce Hodgdon anayamba kugula onga wotsala wa asilikali n'kumaugulitsa kwa anthu wamba pa mtengo wotsika. Anthu atachuluka anafuna wowauza muyeso, ndipo makampani monga Lyman, Speer, Hornady ndi Sierra ankatulutsa mabuku a miyeso. Mu 1966 Dave Wolfe anayambitsa magazini ya Handloader, yongokamba za ntchito imeneyi basi.

Olemba a m'badwo woyambawo sanali anthu amantha. Elmer Keith, woweta ng'ombe wa ku Idaho yemwe anadzakhala mlembi wotchuka wa magazini ya Guns & Ammo, anaphulitsa mfuti yake ya Colt ali mnyamata chifukwa chodzaza mopitirira, koma sanaleke. Anangosamukira ku chipolopolo cha .44 Special n'kupitiriza kukankha malire, mpaka makampani a Remington ndi Smith & Wesson anatulutsa .44 Magnum pakati pa zaka za m'ma 1950. Nkhani ya Keith inasiya chikhulupiriro chomwe chinazika mizu: chakuti munthu wa m'galaja kunyumba amatsogola, fakitale n'kumatsatira m'mbuyo. Ambiri mwa olemba a nthawi imeneyo analibe makina oyezera puresha, mphamvu ya mpweya wa onga yomwe imakankha m'kati mwa mfuti ikaomba. Ankayang'ana mmene kabatani kaja kaphwatalalira, kapena kuyeza mmene tsinde la chigoba latupira, n'kunena kuti zili bwino. Makina amakono atafika m'malabotale zinaoneka kuti zizindikiro zimenezi zimachedwa kuonekera, moti puresha imakhala itadutsa kale malire. Choncho m'mabuku otuluka pambuyo pake miyeso yambiri inatsitsidwa. Owerenga akale anakwiya, amvekere mabuku ayamba kulembedwa ndi maloya oopa milandu. Mawu amenewo akumvekabe mpaka lero, ngakhale kuti chifukwa chachikulu chinali chakuti anthu anali atayamba kuona zomwe kale ankangoganizira.

Malire amene malabotale amatsatira amakhazikitsidwa ndi bungwe la SAAMI, lomwe makampani opanga mfuti ndi zipolopolo ku America analiyambitsa mu 1926. Ku Ulaya ntchito yomweyo amagwira a bungwe la CIP.

Mbali inayo ya mkanganowu inayambira ku Big Bear Lake, California, m'zaka za m'ma 1950, komwe Jeff Cooper, yemwe anali msilikali wamkulu wa gulu la Marines, ankakonza mipikisano yosolola mfuti mwachangu. Cooper sankaona izi ngati masewera wamba. Kwa iye mpikisano unali njira yodziwira mfuti ndi kagwiridwe komwe kangapulumutse munthu zinthu zitavuta. Mu May 1976 anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana anakumana ku Columbia, Missouri, n'kukhazikitsa IPSC, Cooper kukhala mtsogoleri woyamba. Chiphunzitso chawo anachiika m'mawu atatu a Chilatini, Diligentia, Vis, Celeritas, kutanthauza kulunjika, mphamvu ndi changu. Masewerawa anafika msanga kum'mwera kwa Africa kuno: mpikisano wa dziko lonse wa 1977 unachitikira ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ndipo anapambana ndi Dave Westerhout wa konko. Wa 1979 ndi wa 1981 unachitikira ku South Africa.

Kulunjika kumaoneka pa chandamale, changu chimaoneka pa wotchi, nanga mphamvu muiyeza bwanji? Mfuti yamphamvu imadumpha m'manja ndipo imachedwetsa wowombera, kotero popanda lamulo aliyense akanasankha zipolopolo zofooka. Poyamba ankawombera chitsulo cholendewera n'kuona kuti chagwedezeka motani. Makina oyeza liwiro atatsika mtengo, anasamukira ku nambala ija. Wofika 175 ankawerengedwa kuti ali mu major, wofika 125 yokha ali mu minor. Pakati pa chandamale onse ankapeza mapointi 5, koma kunja kwake wa major ankapeza 4 ndi 2 pomwe wa minor ankapeza 3 ndi 1. Pa mpikisano wa zipolopolo mazanamazana, kusiyana kumeneko n'komwe kumalekanitsa wotenga chikho ndi wobwerera chimanjamanja.

Nambala ya 175 inasankhidwa poganizira .45 ACP, chipolopolo chomwe Cooper ankachikonda koposa. Mutu wake wa magireni 230 pa liwiro la mafiti 850 umapereka 195, ndipo puresha yake ndi yotsika, malire ake ndi 21,000 psi (muyeso wa puresha). Chipolopolo cha 9mm chogula m'sitolo chimathera cha m'ma 130 kapena 140. Olemba lamuloli ankaganiza kuti khomo alitseka. Koma anaiwala chinthu chimodzi, chomwe ine ndimachiona kuti ndicho muzu wa zonse: analemba malire a pansi okha, osalemba a pamwamba. Makina a pa tebulo lija amaona liwiro, saona puresha yomwe yabala liwirolo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anyamata awiri a ku Arizona, Rob Leatham ndi Brian Enos, anali m'gulu la oyamba kuonetsa poyera mpata umene unatsala. Anatembenukira ku .38 Super, chipolopolo chakale chomwe Colt inatulutsa mu 1929. Ndi chowonda, motero mfuti imanyamula zambiri. Chofunika kwambiri chinali kachitsulo kokhala ndi mabowo komwe amakamangirira kukamwa kwa mpope, kotchedwa compensator. Kamatulutsira mpweya wa onga m'mwamba n'kukanikizira mfuti pansi kuti isadumphe, ndipo mpweya ukachuluka m'pamene kamagwira bwino ntchito. Mutu wopepuka ndi onga wambiri zinayamba kupereka mfuti yofatsa m'manja kuposa .45, koma mapointi ake n'kukhala a major. Leatham anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1983, 1986 ndi 1988, ndipo aliyense wofuna chikho anayamba kuyang'ana komwe iye wayang'ana.

Vuto linali lakuti .38 Super ya m'sitolo, mutu wa magireni 130 pa mafiti 1,215, imangofika 158. Kuti munthu afike 175 anayenera kudzaza yekha, ndipo ndi mitu yopepuka kunali kovuta kufikapo osadutsa malire a SAAMI a 36,500 psi. Apa m'pamene njira ziwiri zinapatukana. Makalabu ankapereka mphoto pa nambala yomwe mabuku ambiri a miyeso sankafuna kuisindikiza. Olemba osamala ankachenjeza kuti zimenezi n'kusewera ndi moto. Opikisana ankayankha kuti olembawo sanaimepo pa mzere wa mpikisano ndipo akungoteteza makampani otsatsa malonda m'magazini awo. Miyeso inayamba kuyenda pakamwa, pa timapepala tolembedwa pamanja pa malo oimika galimoto, munthu n'kukopera za mnzake osadziwa kuti mpope wa mnzakeyo ndi wosiyana ndi wake. Nthawi yomweyo makina a Dillon odzaza zipolopolo mazana angapo pa ola anali atafika m'nyumba zambiri, kotero cholakwika chimodzi chinkachulukitsidwa kambirimbiri usiku umodzi.

Mfuti ya mtundu wa 1911, yomwe opikisana ambiri ankagwiritsa ntchito, mmene inapangidwira poyamba, imasiya kachigawo ka tsinde la chigoba kopanda chochirikiza, pamalo pomwe chipolopolo chimatsetserekera polowa mu mpope. Pa puresha ya .45 palibe chovuta. Pa puresha ya .38 Super yokankhidwa, mkuwa unkang'ambika pomwepo, mpweya wotentha ndi tizidutswa n'kubwerera kumaso ndi m'manja mwa wowombera. Zinkachitika kawirikawiri moti opikisana anazipatsa dzina, super face. Ndikaliganizira dzinali mtima umandiwawa, chifukwa likusonyeza kuti anthu anafika pozolowera kuvulala ngati gawo la masewera. Amisiri okonza mfuti ndiwo anapeza mankhwala ake popanga mipope yochirikiza chigoba chonse, ndipo ngozi zinachepa. Koma mpope wolimba sutsitsa puresha, umangoipirira.

Nkhani inakula anthu atayamba kuchita zomwezo ndi 9mm wamba, ya 9x19, yomwe chigoba chake n'chachifupi ndipo malire ake ndi 35,000 psi. Kuti mutu wa magireni 124 ufike 175 umafunika liwiro loposa mafiti 1,410 pa sekondi. Wa magireni 115 umafunika oposa 1,520. Bungwe la USPSA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1984 kuti liziyendetsa masewerawa ku America, linaona kuti zafika poopsa ndipo cha m'ma 1990 linaletsa kuti 9x19 iwerengedwe mu major. Opikisana sanagone. Ena anatenga 9x21, chipolopolo chomwe chinafalikira ku Italy chifukwa lamulo la kumeneko linkaletsa anthu wamba kukhala ndi mfuti zam'manja za 9x19, ndipo kutalika kwa chipolopolo chonse kunali kofanana ndi kwa 9x19 yoletsedwayo. Anthu a ku Dillon anafinya kukamwa kwa chigoba cha 10mm n'kupanga 9x25 Dillon, yomwe inali ndi malo okwanira onga koma phokoso lake linali losautsa ndipo inkadya mfuti msanga. Smith & Wesson inabwera ndi .356 TSW, koma lamulo lakuti m'gawo la Limited, la mfuti zopanda compensator, major iyambire pa zipolopolo zonenepa ngati .40 linaitsekera msika isanakule. Mu 1996 Winchester inatulutsa 9x23 yokhala ndi chigoba chochindikala, yoyezedwa bwino m'labotale, yomwe inkadutsa 175 yongochokera m'bokosi. Limeneli linali yankho loona mtima la funso lija, koma linafika dzuwa litapendeka.

Chaka chomwecho ena mwa akale, kuphatikizapo Bill Wilson ndi Ken Hackathorn, anayambitsa bungwe lina la IDPA, potopa ndi mpikisano wa zipangizo womwe unali utachoka kutali ndi cholinga choyamba. Cooper nayenso anali atayamba kalekale kudandaula m'zolemba zake kuti masewera ake asanduka china. Sindikumuimira kumbuyo kotheratu. Walira mvula walira matope: amene anaika mphoto pa mphamvu anayenera kudziwa kuti achinyamata adzaifunafuna m'njira iliyonse yomwe lamulo silinatseke. Koma olemba nawonso anali ndi mbali yawo. Kwa zaka makumi atatu anali atadyetsa owerenga nkhani za ngwazi zomwe zinkadzaza mopitirira n'kupambana, ndiye atasintha mawu n'kuyamba kuchenjeza, owerenga anali ndi chifukwa chowakayikira.

Cha m'ma 2000 mabungwe anachita chomwe akanatha kuchita kale: anatsitsa nambala. USPSA inaika major pa 165, IPSC inaika 160 m'gawo la Open, lolola compensator, ndi 170 m'gawo la Standard, losailola. Kuchoka pa 175 kufika pa 165 kukuoneka kochepa, koma mutu wa magireni 124 tsopano umangofunika mafiti 1,331, ndipo puresha imatsika mofulumira kuposa liwiro. Patapita nthawi 9x19 inaloledwanso mu major m'gawo la Open, ndipo lero ndi yofala kwambiri chifukwa zigoba zake n'zotsika mtengo, munthu akhoza kuzisiya pansi osadandaula.

Mkangano sunathe, unangozizira. Zipolopolo za 9x19 zodzazidwa kuti zifike mu major, zotchedwa 9 major, zimaoneka chimodzimodzi ndi 9mm wamba ndipo zikhoza kulowa m'mfuti yomwe sinapangidwire puresha yotero, n'chifukwa chake odzaza osamala amazisunga m'mabokosi olembedwa bwino ndipo sabwereketsa mnzawo. Mabuku ambiri a miyeso sazisindikizabe. Ndipo popeza liwiro limasintha ndi kutentha kwa tsikulo komanso makina a pa mpikisano, wopikisana safuna kuima ndendende pa 165. Amadzaza kuti afike 170 kapena kupitirirapo, poopa kuti pa tebulo lija angatsitsidwire ku minor mpikisano wonse.