Khambi la juwisi wa aronia silimuteteza kuti asawonongeke

Ndatopa kumva mawu akuti, "Juwisi ameneyu ndi wa khambi, sangawonongeke." Anthu amafinya tizipatso takuda ta chitsamba chotchedwa aronia, kudzaza mabotolo, n'kuwaika pashelefu ngati mafuta ophikira. Khambi lomwe limaumitsa m'kamwa lija limachokera ku tannin, ndipo tannin saletsa yisiti kudya shuga wa mujuwisimo. Yisitiyo imakhala kale pakhungu la chipatso, ndipo mukangofinya imayamba ntchito. Chimene khambi limachita n'kubisa vuto. Juwisi akayamba kusasa, lilime silizindikira msanga, poti kakomedwe kake n'kowawasa kale.

Ena amandiuza kuti, "Nanga wogula uja bwanji amakhala miyezi?" Zoonadi. Chitsamba cha aronia chinachokera kum'mawa kwa North America, ndipo masiku ano chimalimidwa kwambiri ku Poland, komwe mafakitale amatenthetsa juwisi asanamutseke m'botolo. Wanu wofinya kukhitchini sanatenthetsedwe. Muikeni mufiriji pa madigiri 4 kapena kutsika apo, ndipo mumumalize pasanathe masiku awiri kapena atatu. Botolo likhale lagalasi, lotsukidwa ndi madzi owira, ndipo mulidzaze mpaka pakhosi. Mpweya ndi kuwala zimawononga anthocyanin, chomwe chimapatsa juwisiyu mtundu wake wakuda mofiirira uja, womwe ambiri amamugulira.

Mukafuna kumusunga nthawi yaitali, pali njira ziwiri. Mukhoza kumutenthetsa pamoto mpaka madigiri 80 kapena 85, osamulola kubwadamuka, n'kumuthira akadali wotentha m'mabotolo owiritsa ndi kutseka nthawi yomweyo. Kapena mumuike mufiriza, koma apa musadzaze botolo. Siyani mpata wa zala ziwiri kapena zitatu, chifukwa madzi akaundana amatupa ndipo galasi limasweka. Ine ndimakonda kuthira m'tizigawo topangira ayezi. M'mawa ndimachotsa tiwiri, kuponya m'kapu ya madzi, basi.

Chivindikiro chikatupa, botolo likalira "psii" polimasula, pamwamba pakabwera thovu kapena fungo la vinyo, tayani. Mukaona chuku, tayani botolo lonse. Kuchotsa kachigamba koyera pamwamba ndi supuni n'kumwa otsalawo ndi chizolowezi chomwe chimandikwiyitsa kwambiri, chifukwa poizoni wa chuku amalowerera m'madzi onse, ndipo kuwiritsa sikumuthetsa.

Pakamwedwe, kapu yaing'ono ya mamililita 100 patsiku ndi yokwanira, mutadya kale, ndipo mumusungunule ndi madzi kapena juwisi wa maapozi. M'zipatsozi muli sorbitol, chotsekemera chonga shuga, ndiye juwisi wochuluka amatsegula m'mimba. Amene mukumwa mapiritsi a ayironi, papite maola awiri pakati pa mapiritsi ndi juwisi, chifukwa tannin amalepheretsa thupi kutenga ayironi bwino. Zipatso mukayamba mwaziumitsa mufiriza usiku umodzi musanafinye, khambi limachepako ndipo madzi amatuluka ambiri.

Koma chimene chimandisowetsa tulo si mabotolo osasa. Ndi mayi wina amene ndinkamulangiza za kadyedwe chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Anali wakhama, ankabwera ndi kabuku komwe ankalembamo BP yake m'mawa uliwonse ndi cholembera chofiira. Kenako anakumana ndi munthu wogulitsa juwisi wa aronia, amene anamuuza kuti mapiritsi akuwononga impso, ndipo juwisi yekhayo atsuka magazi. Mayi uja anasiya mapiritsi osauza aliyense. Patapita miyezi ingapo, m'mawa wina kapu inamupulumuka m'dzanja, pakamwa panapotoka, mawu anayamba kusamveka. Ana ake anamugoneka, namupatsa juwisi yemweyo, nadikira kuti mwina pofika madzulo apeza bwino. Anafika naye kuchipatala tsiku lotsatira. Mpaka lero dzanja lake lamanja silitha kugwira cholembera.

Aronia ndi chipatso chabwino, ndipo sindiletsa aliyense kumwa juwisi wake. Koma sichichiza BP, sichichiza shuga, sichichiza khansa, ndipo aliyense wokuuzani kuti musiye mankhwala a dokotala kuti mugule mabotolo ake akusewera ndi moyo wanu. Ngati mukumwa mankhwala a nthawi yaitali, muuzeni dokotala wanu musanayambe kumwa juwisiyu tsiku ndi tsiku. Ndipo mukaona munthu pakamwa patapotoka, dzanja litalefuka kapena lilime likulemera, musamupatse chakumwa chilichonse, atha kutsamwa. Izi ndi zizindikiro za sitiroko, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Mankhwala osungunula magazi oundana muubongo nthawi zambiri amayenera kuperekedwa mkati mwa maola anayi ndi theka kuchokera pomwe zizindikiro zayamba, ndipo banja la mayi uja linataya maola oposa makumi awiri likudikira.