Sikolashipu ya Chevening pa digiri yachiwiri ya kaphunzitsidwe kogwiritsa ntchito zipangizo zamakono: mafunso ndi mayankho

Matabuleti a pulogalamu ya BEFIT anayamba kufika m'sukulu za pulayimale za boma mu 2023, ndipo mayunivesite monga Mzuni ndi LUANAR ali ndi ophunzira omwe amachita maphunziro awo ali kwawo. Ntchito zimenezi zikufuna anthu odziwa kukonza phunziro loti mwana kapena wamkulu aphunzire bwino kudzera pa tabuleti, foni, wailesi kapena intaneti. Mphunzitsi wofuna kukaphunzira zimenezi mozama amakumana ndi funso la fizi. Imodzi mwa njira zomwe zilipo ndi sikolashipu ya Chevening.

Kodi Chevening ndi chiyani, ndipo imalipira chiyani?

Ndi thandizo la maphunziro la boma la Britain lomwe linayamba mu 1983, ndipo ndalama zake zimachokera ku unduna wawo woona za maiko akunja pamodzi ndi mabungwe ena. Limatumiza munthu kukachita digiri yachiwiri ya chaka chimodzi ku yunivesite ya ku Britain. Amalipira fizi, tikiti ya ndege yopita ndi yobwerera, viza, komanso ndalama ya mwezi ndi mwezi yogulira chakudya ndi kulipira malo ogona. Amalawi, a ku Zambia, a ku Mozambique ndi a ku Zimbabwe onse amaloledwa kupempha, aliyense kudzera m'dziko lomwe ndi nzika yake. Kupempha n'kwaulere, ndipo kumachitika pa intaneti basi. Wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama akupezereni malo, ameneyo ndi wakuba.

Kodi maphunziro amenewa ndi a kompyuta? Ine sindidziwa kulemba mapulogalamu.

Ayi, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Makosi ambiri a mtundu umenewu ali m'gawo la maphunziro a uphunzitsi, ndipo safuna kuti mukhale katswiri wa mapulogalamu. Funso lawo lalikulu ndi lomwe mphunzitsi aliyense amadzifunsa polemba sikimu: wophunzirayu akudziwa chiyani kale, ndikufuna adzathe kuchita chiyani, ndipo ndidzadziwa bwanji kuti waphunziradi?

Mudzakumana ndi ndondomeko yotchedwa ADDIE, yomwe inachokera ku ntchito ya Florida State University yokonzera maphunziro asilikali a ku America m'zaka za m'ma 1970. Imati uyambe wafufuza vuto ndi anthu ako, kenaka ukonze dongosolo, upange zipangizo zophunzirira, uphunzitse, ndipo uunike zotsatira. Mudzawerenga za Robert Gagné ndi masitepe ake 9 a phunziro, komanso kafukufuku wa Richard Mayer, yemwe anaonetsa kuti munthu amamva bwino mawu akayendera limodzi ndi chithunzi choyenera, koma zokongoletsa zosafunika zimabalalitsa maganizo. Mudzaphunzira kukonza kosi pa Moodle, pulogalamu yophunzitsira pa intaneti, ndi kuyesa ngati njira yatsopano yathandizadi.

Umboni woti chipangizo pachokha sichiphunzitsa tili nawo kwathu konkuno. Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anachita kafukufuku pasukulu ina ya pulayimale mu Lilongwe, yemwe anasindikizidwa mu 2015. Ana anagawidwa patatu: ena anapatsidwa matabuleti okhala ndi pulogalamu ya masamu ya bungwe la onebillion, ena matabuleti opanda masamuwo, ena anapitiriza kuphunzira monga mwa masiku onse. Patatha masabata 8, omwe anapita patsogolo kwambiri pa masamu anali a gulu loyamba. Tabuleti inalipo m'magulu awiri, koma kusiyana kunabwera ndi phunziro lomwe munthu anakhala pansi n'kulikonza mwaluso, m'Chichewa, pang'onopang'ono monga mwana amamvera. Munthu wokonza phunziroyo ndi amene digiri imeneyi imafuna kuumba.

Ndani angapemphe?

Muyenera kukhala ndi digiri yoyamba yokhoza bwino moti yunivesite ya ku Britain ikuloleni kuchita yachiwiri. Kawirikawiri amafuna yofanana ndi yomwe iwo amati 2:1, ndipo yunivesite iliyonse imadziweruzira yokha mmene ikuwerengera digiri ya kwathu. Satifiketi ya ku TTC kapena dipuloma yokha sizikwanira. Zaka zakubadwa alibe nazo malire. Kukhala kale ndi digiri yachiwiri sikukuletsani, bola mufotokoze chifukwa chomwe mukufunira ina. Oletsedwa ndi nzika za Britain, omwe anaphunzirapo ku Britain ndi thandizo la boma lomwelo, komanso ogwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa Britain ndi abale awo apafupi.

Nanga maola 2,800 omwe amatchulidwa aja ndi a chiyani?

Chevening imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo 2,800 ndi zakazo atazisandutsa maola. Ntchito yolipidwa, ya maola ochepa, yongodzipereka ngakhalenso yophunzira ntchito, zonse zimawerengedwa, ndipo mutha kuphatikiza za malo osiyanasiyana. Chofunika kuchisamala n'chakuti m'zaka zaposachedwa lamulo likufuna maola omwe mwagwira mutamaliza digiri yoyamba. Izi zimakhudza kwambiri aphunzitsi athu omwe anaphunzitsa zaka zambiri ndi satifiketi, kenaka n'kudzapeza digiri atakula kale. Zimapweteka, chifukwa zaka zimenezo ndi zomwe zinawapatsa nzeru za m'kalasi. Komabe siziwonongeka, pakuti m'nkhani zomwe mudzalembe ndi pa intaviyu zimakupatsani zitsanzo zomwe wongotuluka kumene ku koleji alibe. Werengani lamuloli mmene lalembedwera chaka chomwe mukupemphacho.

Ndisankhe makosi ati?

Mumasankha makosi atatu, ndipo yunivesite imodzi mwa zimenezo iyenera kukupatsani malo kotheratu, popanda china chotsalira, tsiku lomwe Chevening yaika lisanadutse. Kupempha malo ku yunivesite ndi ntchito yanu, yapadera ndi fomu ya Chevening. Kosiyo ikhale yophunzira tsiku ndi tsiku muli ku Britain komweko, yoyamba mu Seputembala kapena Okutobala, yosachepera miyezi 9 ndi yosapitirira 12.

University College London ili ndi MA Education and Technology, ndipo University of Manchester ili ndi MA Digital Technologies, Communication and Education. Ku Bristol ndi Oxford kulinso makosi a mbali yomweyi. Musatengeke ndi dzina la yunivesite. Tsegulani mndandanda wa zomwe amaphunzitsa m'kosimo. Ena amatsamira pa kafukufuku ndi mfundo za boma, ena amakupatsani mpata wopanga zipangizo zophunzirira ndi manja anu. Onaninso ngati aphunzitsi ake anagwirapo ntchito kumadera komwe magetsi amathimathima ndipo bandulo ya intaneti ndi yodula. Kosi yomwe imaganiza kuti mwana aliyense ali ndi laputopu kunyumba idzakupatsani zambiri zoti mudzazisule musanazigwiritse ntchito ku Nsanje kapena ku Chitipa.

Sindingasiye ntchito ndi ana chaka chathunthu. Kodi angandilipirire kosi ya pa intaneti?

Chevening salipira maphunziro ochita muli kwanu. Choncho kosi ngati MSc Digital Education ya ku University of Edinburgh, yomwe imachitika pa intaneti, singalowe pa makosi anu atatu aja. Njira yanu ndi Commonwealth Distance Learning Scholarships, zomwe zimalipira fizi ya digiri yachiwiri yochita muli pantchito kwanu. Kumeneko simusankha kosi iliyonse. Amatulutsa mndandanda wa makosi ovomerezeka womwe umasintha chaka ndi chaka. Open University, yomwe ili ndi MA in Online Teaching, yakhala ikulandira ophunzira kudzera m'njira imeneyi. Zimbabwe sili mu Commonwealth pakadali pano, choncho khomo ili ndi la a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique.

M'nkhani zinayi za pa fomu ndilembemo chiyani?

Amafunsa za utsogoleri wanu, za mmene mumamangira ubale ndi anthu pantchito, chifukwa chomwe mwasankhira makosiwo, ndi zomwe mudzachite mukabwerako. Aphunzitsi ambiri amadziderera apa poganiza kuti mtsogoleri ndi yekhayo wokhala ndi mpando. Ngati masukulu atatsekedwa chifukwa cha Covid-19 mu Malichi 2020 munasonkhanitsa anzanu n'kumatumiza manotsi a Fomu 4 pa WhatsApp, ndipo munapezera njira ana omwe kwawo kulibe foni, umenewo ndi utsogoleri. Lembani vuto lomwe linalipo, chomwe inuyo munachita, ndi chomwe chinasintha. Chikhalidwe chathu chimatiphunzitsa kunena kuti "tinachita", koma oweruza akufuna kudziwa mbali yanu.

Pa nkhani ya m'tsogolo, mawu oti mudzatukula maphunziro m'Malawi sauza munthu kanthu. Tchulani vuto limodzi lomwe mumalidziwa. Mwina ndi aphunzitsi a Sitandade 1 mpaka 4 omwe alandira matabuleti koma sakudziwa kulumikiza zomwe mwana wachita pa tabuleti ndi phunziro la pa bolodi. Mwina ndi ophunzira a kutali omwe amasiyira panjira chifukwa mabuku awo analembedwa ngati mphunzitsi ali nawo pafupi. Mwinanso ndi wailesi, yomwe inafika kumidzi kudzera mu pulogalamu yophunzitsa ana ya Tikwere kale tisanamve za matabuleti. Sonyezani gawo la kosi lomwe likuyankha vutolo, ndi komwe mudzagwire ntchitoyo, kaya ku Malawi Institute of Education (MIE) ku Domasi, ku Malawi College of Distance Education (MCDE), ku TTC kapena pasukulu panu pomwepo. Nkhanizo mulembe nokha. Zokopera kwa ena kapena zolembetsa makina zimachotsetsa munthu pa mpikisano.

Kodi mayeso a Chingelezi ndi ofunika?

Chevening payokha inasiya kuwafuna, koma yunivesite ingathe kufuna IELTS kapena mayeso ena musanapatsidwe malo kotheratu. Funsani msanga, chifukwa ndalama ya mayesowo ndi ya m'thumba mwanu.

Zimayamba liti?

Fomu imatsegulidwa mu Ogasiti ndi kutsekedwa mu Okutobala kapena koyambirira kwa Novembala. Osankhidwa amaitanidwa ku intaviyu chakumayambiriro kwa chaka chotsatira, ndipo ya Amalawi imayendetsedwa ndi ofesi ya kazembe wa Britain ku Lilongwe. Pamafunika makalata awiri a anthu okuchitirani umboni. Zotsatira zimatuluka cha mu Juni. Ngati muli m'boma, yambani kale kufunsa za tchuthi chokaphunzira, osadikira kalata yopambana.

Ndikamaliza, kodi ndingatsale ku Britain? Nanga banja langa?

Mumasaina kuti mudzabwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. Lamulo limeneli ndimagwirizana nalo ndi mtima wonse, makamaka pa maphunziro awa, chifukwa phunziro la mwana wa ku Ntchisi lidzakonzedwa bwino ndi munthu wodziwa chilankhulo chake ndi kalasi yodzaza ana yomwe amakhalamo. Za banja, Chevening amalipirira inu nokha, ndipo ndalama ya pamwezi anaiwerengera munthu mmodzi. Khalani pansi ndi akunyumba musanatumize fomu, mugwirizane za fizi ya ana ndi lendi ya chaka chimenecho.